Magalasi Obwezera Okalamba Kwao: Zimene Ndidaona ku Clydebank

M'mwezi wa August chaka cha 2023, sukulu zitatsekera, ndidayenda ulendo wautali kuposa maulendo onse amene ndidayendapo. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito yosamala okalamba ku Scotland, adanditumizira tikiti kuti ndikaone mdzukulu amene kufikira nthaŵi imeneyo ndinkangomumva kulira pa foni. Ndidakwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, tidaima ku Addis Ababa, ndipo m'maŵa mwake tidatera ku London. Kuchokera kumeneko sitima yapamtunda idatha maola anai ndi theka kukafika ku Glasgow. Chimene chidayamba kundidabwitsa ndi dzuŵa. Nthaŵi ya 9 koloko usiku kunja kudali kukali koŵala, mwakuti masiku oyamba ndinkachita manyazi kukagona, poopa kuti eni dziko aziti mlendoyu ndi waulesi.

Monga achitira aliyense wochokera ku Malaŵi, ndidakafika ku Blantyre wakumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kukaona chipinda chimodzi chimene David Livingstone adabadwiramo mu 1813. Za kumeneko ena adalemba kale, ndipo adalemba bwino. Ine ndifuna kukusimbirani za masana amodzi amene ndidakhala m'nyumba yosungiramo okalamba mu mzinda wa Clydebank, pakuti zimene ndidaona masana amenewo sizidandichoke m'mutu mpaka lero, ndiponso zikukhudza amai anga ondibala.

Clydebank ali kumadzulo kwa Glasgow, kutsidya la kumpoto la mtsinje womwewo, ulendo wosakwana theka la ola pa sitima. Dzina la mzindawu mwina ndi lachilendo kwa inu aŵerengi, koma ntchito ya manja ake mudaiona. Makina osokera a Singer, aja atelala athu amapalasa pa makonde a sitolo, ambiri akale adapangidwa kumeneko, m'fakitale imene pa nthaŵi ina inkalemba anthu oposa 10,000. Idatsekedwa mu 1980, koma siteshoni ya sitima ya pamenepo ikutchedwabe Singer. Ntchito ina yaikulu idali yomanga zombo. Pa doko la John Brown adamangapo zombo zotchuka pa dziko lonse: Queen Mary, chimene chidatsikira m'madzi mu 1934, Queen Elizabeth mu 1938, ndi Queen Elizabeth 2 mu 1967. Lero phokoso la nyundo lidatha. Pamalopo pali koleji ndi nyumba zatsopano, ndipo chimene chidatsala choonekera patali ndi chikireni chachitsulo chotchedwa Titan, chomangidwa mu 1907, chotalika mamita oposa 45. Chaima chokhachokha m'mbali mwa madzi ngati mlambe pa bwinja. Munthu amene adakulira mu mzinda umenewu m'zaka za m'ma 1950, akati lero abwerere kwao, kwaoko kulibe.

Ndiulule poyera kuti ndidaloŵa m'nyumba ya okalambayo nditaŵeruza kale mlandu. Mumtima ndinkati, anthu aŵa ali ndi chuma koma alibe chisoni. Munthu angatenge bwanji kholo lake kukalitula kwa alendo? Koma nditakhala pang'ono ndidaona kuti ambiri mwa okhala m'menemo adali ndi matenda ofuna diso usana ndi usiku, ndipo ana ao ena obwera kudzaŵaona adali a imvi kuposa ine. Mlandu uja ndidayamba ndauimitsa.

Matendaŵa achipatala amaŵatcha dementia. Ife timangoti agogo ayamba kuiŵalaiŵala, kapena abwerera ku umwana, ndipo pena timanena zoipa kuposa pamenepa. Si ukalamba chabe ai, pakuti okalamba ambiri amatsikira kuli chete nzeru zao zili zonse. Uku ndi kuonongeka kwa ubongo, kumene kumayamba pang'onopang'ono ndi kumakulirakulira. Mtundu wake wofala kwambiri udatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 adafotokozera madokotala anzake za mai wina wa ku Frankfurt amene adadwala motero. Mwa odwala 10 alionse, 6 kapena 7 amakhala ndi mtundu umenewu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lidaŵerengera kuti mu 2021 odwala matendaŵa adalipo 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse adali m'maiko osauka ndi apakatikati, osati m'maiko olemera monga ambiri timaganizira. Ku Scotland kokha alipo pafupifupi 90,000. Mankhwala ochiritsiratu sadapezeke.

Chodabwitsa chake n'chakuti matendaŵa safafaniza zonse nthaŵi imodzi. Amayamba ndi zaposachedwa. Munthu aiŵala kuti wadya kale, aiŵala dzina la mdzukulu, koma dzina la mphunzitsi amene adamkwapula ali mwana alitchula osaphonya. Katswiri wina wa ku France, Théodule Ribot, adalemba za dongosolo limeneli mu 1881, ndipo madokotala a masiku ano adapeza chifukwa chake: kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kamalandira zatsopano ndi kuzikonzera posungira, ndiko kamayamba kuonongeka. Zili ngati nkhokwe. Chimanga chimene chidaloŵa pomaliza ndicho chiyamba kutapidwa, chapansi chimatsala mpaka m'dzinja. Ndipo chapansi penipeni, chimene chimakhalitsa mwa anthu ambiri, ndi cha zaka zapakati pa 10 ndi 30, nthaŵi ya sukulu, ya ntchito yoyamba ndi ya chibwenzi.

Amai anga adabadwa cha m'ma 1940, ndipo nkhokwe yao idayamba kutapidwa zaka zingapo zapitazo. Dzuŵa likamapendeka amamanga kamtolo ka nsalu, nkuimirira ndi kunena kuti, “Ndikupita kwathu, amai akundidikira.” Akunenatu zimenezi ali m'nyumba imene akhalamo kuyambira pamene adatengedwa chitengwa ali mtsikana. Tsiku lina adatizemba usiku, ndipo adapezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, atafunda nsalu imodzi yokha. Inu mukudziŵa zimene anthu amanong'onezana nkhalamba ikapezeka motero: amati yagwa pa lichero. Lamulo la 1911 lidaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulo limakhala ku boma, ife timakhala kumudzi. Mwai wake adaŵapeza ndi munthu woŵadziŵa. Ine pamenepo njira yanga idali imodzi, yauphunzitsi: kuŵakonza. Ndinkati, “Amai, kwanu ndi kuno. Agogo adamwalira kalekale, kodi mwaiŵala?” Ndipo nthaŵi iliyonse ankalira maliro ngati uthenga wangofika kumene. Ndidaŵaliritsa maliro amodzimodziwo kambirimbiri, ndikuyesa kuti ndikuŵathandiza.

Ndidamva ku Scotland kuti kulakwa kumeneku sikudayambe ndi ine. Kale ngakhale m'zipatala ankaona ngati kukamba zakale ndi chizindikiro chakuti munthu watha, ndipo ankayesetsa kumkokera ku za lero. Mu 1963 dokotala wa ku America, Robert Butler, adalemba kuti kuyang'ana m'mbuyo ndi ntchito yoyenera ndi yofunika ya munthu wokalamba. Kuchokera pamenepo kudakula chithandizo chokumbutsana zakale, pogwiritsa ntchito zithunzi, nyimbo ndi ziŵiya za makedzana. Ku Scotland mu 2009 kudayamba magulu otchedwa Football Memories, m'mene madoda oiŵalaiŵala amaonetsedwa zithunzi za oseŵera mpira akale, ndipo mu 2013 mtolankhani Sally Magnusson adayambitsa bungwe la Playlist for Life, losonkhanitsira wodwala aliyense nyimbo za pa moyo wake. Magalasi amene ndikuti ndikusimbireni ndi mzime m'banja limeneli.

Cha m'ma 2 koloko, anthu atatha kudya, mwana wanga adandikodola. “Bambo, bwerani mudzaone. Abale ao alola, koma mukhale chete pakona apo.” M'kachipindamo adaloŵetsamo abambo ena a zaka 83, aatali, a zikhatho zikuluzikulu. Ndidali nditaŵaona kale chifikire changa atakhala pa zenera, mutu uli pansi, osayankha ngakhale moni. Pambali pao padakhala mwana wao wamkazi, mai wa msinkhu wanga.

Chidacho eni ake amachitcha virtual reality, ndiye kuti zinthu zooneka ngati zenizeni pamene si zenizeni. Pochiona chili ngati magalasi akuluakulu aja amavala anthu owotcherera zitsulo, ndipo chimamangidwa kumutu ndi lamba. M'kati mwake diso lililonse limaona kanema wakewake, ndiponso muli tizida tomva kutembenuka kwa mutu. Zithunzi zake zimajambulidwa ndi kamera yoona mbali zonse nthaŵi imodzi, kutsogolo, kumbuyo, kumwamba ndi pansi. Motero ukacheukira kumanzere umaona zakumanzere, ukaŵerama umaona nthaka, ukayang'ana kumwamba umaona mitambo. Kanema wamba umaonera uli kunja, koma uyu umaonera uli m'kati mwake. Wosamalira wodwala amagwira kakompyuta ka m'manja kamene kamamuonetsa zomwe wodwalayo akuona, ndipo ndiye amasankha kopita.

Okalamba ena amachikana chinthuchi akangochiona, koma abamboŵa adapereka mutu okha. Mwana wao adandinong'oneza kuti n'zosadabwitsa, popeza ntchito yao idali yowotcherera zitsulo za zombo, ndipo adavala chophimba kumaso zaka zambirimbiri.

Adayamba ndi kuŵaonetsa mseu umene adakuliramo, kuchokera pa zithunzi za Google Street View, zija magalimoto okhala ndi kamera padenga akhala akujambula m'miseu ya m'maiko ambiri kuyambira mu 2007. Nyumba za mu mseuwo zidali zatsopano, ndipo abambowo sadanene kanthu. Ine ndidati basi, zakanika. Kenaka mwana wanga adaŵatembenuzira ku mtsinje. Chikireni chija chitangotulukira, dzanja lao lidadzuka pa bondo nkuloza m'mwamba, kumene ife tinkangoona denga. Adatchula dzina lake. Adakhala chete pang'ono, kenaka mau adayamba kutuluka ngati madzi a m'ngalande yotsegulidwa.

Ine ndaphunzitsa Chingerezi zaka zoposa 30, koma Chingerezi cha m'mbali mwa Clyde chidandigonjetsa. Ndinkangotola liu limodzi mwa asanu, zotsalazo adandimasulira pambuyo pake. Ankasimba za m'maŵa wa nthaŵi yachisanu, amuna zikwizikwi akuyenda mu mdima kuloŵera ku chipata chimodzi. Ankasimba za chitsulo chozizira chomata ku zala, za tiyi wophikira m'chitini, za akapitao ovala zipeŵa zolimba zozungulira, amene anyamata ankaŵaopa kuposa apolisi. Adafika pa tsiku la 20 September 1967, pamene Mfumukazi idabwera kudzatsitsira m'madzi chombo cha Queen Elizabeth 2. Adati chombocho chidayamba chakhala ngati chikukana, kenaka chidasuntha, ndipo maunyolo akuluakulu ochigwira kuti chisathamange adakokeka pansi ndi phokoso logonthetsa m'khutu, fumbi la dzimbiri lili koboo. Adatchula maina a anzao amene adaima nao tsiku limenelo, mmodzimmodzi, ndipo pa dzina lina adaseka mpaka kutsokomola. Mwana wao adaŵagwira dzanja nkumafunsa, “Nanga ameneyo adatani, bambo?” Iwo nkumayankha. Misozi idali ikutsika m'masaya mwa maiyo, koma mau ake sadanjenjemere. Adandiuza pambuyo pake kuti padatha miyezi inai asadamve bambo ake akulumikiza mau asanu.

Patapita mphindi 12 adaŵavula. Salola kuti zipitirire nthaŵi yaitali, chifukwa maso amatopa ndipo ena amachita chizungulire ndi mseru, popeza maso akuti tikuyenda pamene thupi likuti takhala. Wodwala amayenera kukhala pampando nthaŵi yonse, ndipo wosamalira sachotsa diso pa milomo ndi manja ake. Akangoona mantha amavula pomwepo. Atavulidwa, abambowo adapitiriza kukamba kwa kanthaŵi ndithu, akumwa tiyi, ndipo adandiyang'ana ine mlendo nkundifunsa ngati ndidagwirapo ntchito pa doko.

Pofika 5 koloko ndidakaŵapeza pa zenera paja. Za magalasi, za chikireni, za ine, zonse zidali zitafafanizika. Apa mtima wanga udagwa, ndipo ndidafunsa mwana wanga kuti, “Nanga phindu lake n'chiyani, ngati pofika madzulo aiŵala?” Iye adati, “Bambo, amaiŵala chimene chaŵasangalatsa, koma kusangalalako kumatsala. Taonani, lero adya chakudya chonse. Tsiku lotere savuta posamba, ndipo safunafuna chitseko. Komanso mwaiŵala munthu mmodzi: mwana wao uja sadaiŵale.” Ndidakhala chete, pakuti mwana amene ndidamphunzitsa kugwira pensulo adali atandikonza.

Tsono ndisakunamizeni kuti azungu apeza mankhwala. Magalasiŵa sachiritsa, ndiponso saimitsa matenda. Makampani oŵagulitsa alipo, monga Rendever ya ku America imene idayamba mu 2016, ndipo wogulitsa aliyense amayamikira katundu wake. Kafukufuku amene amatchulidwa kaŵirikaŵiri ndi wa akatswiri a pa University of Kent, wofalitsidwa mu 2019. Iwo adayesa magalasiŵa pa chipatala china ku Northampton, ndipo odwala ankasankha pakati pa malo asanu: tchalitchi chachikulu, nkhalango, gombe la mchenga, gombe la miyala ndi dera la kumidzi. Adapeza kuti odwalawo ankakumbuka zakale, ankasangalala, ndipo oŵasamala adaŵadziŵa bwino kuposa kale. Mmodzi patapita masabata adajambula chithunzi cha nyanja. Koma odwalawo adalipo 8 okha, ndipo mphunzitsi aliyense adziŵa kuti sungaŵeruze sukulu poyang'ana ana 8. Ngakhale chithandizo chokumbutsana zakale chenichenicho, pamene bungwe la Cochrane lidasanthula kafukufuku 22 mu 2018, lidapeza kuti phindu lake lilipo koma ndi laling'ono, ndipo limasiyana malinga ndi malo ndi kachitidwe. Laling'ono lomwelo ine ndidaliona ndi maso, ndipo kwa banja limene latha miyezi inai lili chete si laling'ono konse.

Chimene ndidagwira kwenikweni masana amenewo n'chakuti mphamvu siili m'magalasi. Abambo aja mseu wokongola sudaŵagwedeze. Chidaŵadzutsa ndi chitsulo chadzimbiri chimene chidali chao. Anthu ena opanga mafilimu ku London, amene abale ao adadwala matendaŵa, adalimvetsa bwino vuto lakuti malo akale adasintha. Mu 2017 adatulutsa filimu ya m'magalasi yotchedwa The Wayback, m'mene adakonza mseu wathunthu monga udaliri pa 2 June 1953, tsiku lolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth: matebulo atandandalikidwa pa mseu, mbendera, zovala ndi zakudya za nthaŵiyo. Filimu yao yachiŵiri ndi ya tsiku limene England idatenga chikho cha mpira cha dziko lonse mu 1966. Wantchito wina wa m'nyumbamo adandiuza akuseka kuti imeneyo sangayerekeze kuionetsa kwa madoda a ku Clydebank, pokhapokha akufuna ndeu. Iwo chimene amakumbuka ndi chaka cha 1967, pamene Scotland idakagonjetsa England 3-2 pa bwalo la Wembley. Chikumbukiro cha mnansi wako si chako, ngakhale mutamwa madzi a pa chisumbu chimodzi.

Ndiponso si zonse za pansi pa nkhokwe zimene zili zabwino. Usiku wa pa 13 ndi wa pa 14 March 1941 ndege za Germany zidaponya mabomba pa Clydebank. Anthu oposa 500 adafa, ndipo mwa nyumba pafupifupi 12,000 za mu mzindawo, zosakhudzidwa sizidakwane 10. Ena mwa okhala m'nyumba ya okalambayo adali ana a zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi usiku umenewo. N'chifukwa chake munthu aliyense ali ndi kabuku ka mbiri yake, kolembedwa mothandizana ndi abale, kosonyeza kumene adabadwira, ntchito imene ankagwira, zimene amakonda ndi zimene siziyenera kukhudzidwa. Agogo ena aakazi saonetsedwa chilichonse cha mdima, cha moto kapena cha kuphulika. Asadamuveke munthu magalasi amayamba aŵerenga kabukuko, pakuti wovala magalasi sangathe kuyang'ana kumbali monga achitira woonera chithunzi cha papepala. Kulikonse kumene atembenukire ali momwemo. Ndidaganiza za amai anga, amene njala ya 1949 idaŵapeza ali kamtsikana, ndipo mpaka lero amabisa mikute pansi pa mphasa.

Padali agogo enanso aakazi amene magalasiwo adaŵakankha ndi dzanja, nkunena mau amene sadafune kundimasulira. Aŵa adagwira ntchito ku fakitale ya Singer. Wantchito sadalimbane nao. Adapita nkukatenga makina akale opukusa ndi dzanja, nkuŵaika pa tebulo. Zala zao, zimene zinkalephera kugwira supuni bwino, zidayenda zokha: zidatsegula kachitseko, zidatulutsa kabobini, zidapisa ulusi m'njira yake yonse osaphonya. Ine ndidasendera pafupi nkuŵauza kuti makina otereŵa kwathu akusokabe mayunifolomu a ana a sukulu. Adandiyang'ana nthaŵi yaitali, kenaka adandigwira dzanja nkuliika pa chopukusira, kundiphunzitsa kapukusidwe kake monga ankaphunzitsira atsikana ofika kumene pa ntchito. Apa padalibe waya kapena batire, koma chimene chidachitika n'chimodzimodzi ndi cha abambo aja.

Anthu atabalalika, mwana wanga adati, “Bambo, nanunso lawani.” Ndidavala. Adayamba wandiika pa gombe la nyanja, ndipo ndidadzigwira ndikukweza mapazi kuthaŵa mafunde, ine munthu wamkulu. Kenaka ndidapempha kuti andionetse kwao kwa amai anga. Adafufuza pa mapu ojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, ndipo derali lidaonekadi, koma monga amalionera kabaŵi: mizere ya minda, kamtsinje, mseu wofiira, timadontho ta mitengo. Kutsika pansi sitidathe, popeza galimoto yojambula ija siidadutseko. Ndipo ngakhale ikadadutsa ikadajambula chiyani? Mudziwo udasamukira kufupi ndi mseu kalekale, pamalo pake anthu akulimapo chimanga. Kwao kwa amai anga kudatha monga lidathera doko la ku Clydebank, ndipo palibe wa ku London amene adzaŵakonzere filimu yake. Ndidavula magalasiwo ndili ndi chisoni, komanso ndikudzifunsa kuti Titan wa amai anga ndi chiyani.

Usiku umenewo, kunja kukali mbee, tidakambirana nthaŵi yaitali. Mwana wanga adandifunsa maina a azakhali ndi amalume a agogo ake, dzina la chitsime chimene ankatungako madzi, nyimbo zimene ankaimba posinja. Zambiri sindidathe kuyankha. Ndakhala ndikuyendera odwala m'milaga zaka zambiri, ndikulangiza mabanja a eni, koma kabuku ka mbiri ya amai anga sindikadadzaza ngakhale tsamba limodzi. Achinyamata amene muli ndi mafoni ojambula, agogo anu akali ndi mau, ndipo inu muli ndi chida m'thumba chimene makolo anu sadakhale nacho.

Nditabwerera ku Malaŵi ndidadikira mpaka October, minda itayera. Loŵeruka lina ndidapempha galimoto ya mnzanga, ndipo ndidatenga amai pamodzi ndi mdzukulu wao wina wa ku sekondale, amene ndidampatsa foni ndi kope. Dzuŵa lisadapendeke, iwo asadamange kamtolo kao, ndidayamba ndine kunena kuti, “Amai, tiyeni kwanu.” Adandiyang'ana modabwa, koma adakwera.

Pa bwinjapo padalibe nyumba ngakhale imodzi, koma mkuyu waukulu udali chiimire m'mphepete mwa dambo. Amai atauona adaima, nkusiya mkono wanga. Adaloza ndi ndodo: apa padali nyumba ya amai ao, apo nkhokwe ziŵiri, uko khola, ndipo kuseri kwa chulu kudali kwa amalume ao amene adapita ku Joni osabwerako. Adatchula mabanja 11 motsatana, mdzukulu uja akulemba mothamanga. Adationetsa pamene padali mtondo, ndipo adaimba nyimbo yosinjira imene ine mwana wao ndidali ndisadaimvepo, mapeŵa akutsika ndi kukwera ngati munsi uli m'manja. Adafunsa ngati amai ao apita ku dimba. Ndidati, “Tandiuzani, ankalima chiyani ku dimbako?” Ndipo adatiuza: mpiru, nzimbe, ndi maungu aakulu oti mwana sangaŵanyamule.

Pobwerera adagona m'galimoto. Titayandikira kumudzi adadzuka, nkundiyang'anitsitsa, ndi kufunsa mwaulemu kuti, “Kodi achimwene, inu ndinu a kwa yani?”

Ndidati, “Ndine wokuperekezani, amai.”

Adati, “Mwachita bwino. Musabwerere panjira, mufike kunyumba muyambe mwadya nsima.”

Ndidafika, ndipo ndidadya.